Wobweretsa ndalama zambiri sindiye wogulitsa bwino

Dzuwa likamalowa pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi, misika ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, geni imakhala isanathe. Ogulitsa omwe anatumidwa m'mawa amabwerera kwa eni katundu. Wina amabwera ndi mpukutu wa ndalama, wina ndi dengu lomwe mwatsala matimati ofewa, wina ndi nkhani ya kasitomala yemwe walonjeza kudzalipira pakutha pa mwezi. Mwini katundu amawerenga, amalemba m'kope, koma mumtima amakhala atagamula kale kuti wa mpukutu waukulu ndiye wolimbikira, ndipo wa ndalama zochepa ndi waulesi, mwinanso wakuba.

Chigamulo chotere chimapweteka anthu. Ndicho chimasankha woti apatsidwe katundu wambiri mawa, woti alandire kangachepe pakutha pa mwezi, ndi woti auzidwe kuti ayambe wapuma. M'boma la Chiradzulu, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu opitirira 350,000 pa malo ochepa, mabanja ambiri sangadalire munda wokha. Geni ndiyo imathandiza, ndipo otumidwa kukagulitsa nthawi zambiri amakhala abale: mlamu, msuweni, mwana wa achemwali. Kulakwitsa pa iwo kumaononga mpamba ndi chibale nthawi imodzi.

Foni yomwe wamalonda amalandirira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ikhoza kuthandiza pa nkhaniyi, ngati ili ya mtundu wa Android kapena yofanana nayo. Mafomula ochepa a mu spreadsheet amatha kutchula dzina la wogulitsa yemwe waposa anzake. Koma fomula imayankha funso lokhalo lomwe yafunsidwa. Wofunsa za ndalama zolowa amapatsidwa dzina lina, wofunsa za phindu amapatsidwa linanso.

Chida chake

Spreadsheet ndi tebulo la timabokosi lokhala pa foni kapena pa kompyuta. Mizere yotsika imatchedwa ndi zilembo A, B, C, ndipo mizere yopingasa imatchedwa ndi nambala 1, 2, 3. Kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake: B2 ndi kabokosi ka mu mzere wotsika B, pa mzere wopingasa wachiwiri. M'kabokosi mungalembedwe mawu, nambala, kapena fomula. Fomula ndi lamulo la masamu loyamba ndi chizindikiro cha =, ndipo nambala imodzi ikasinthidwa, yankho limasintha lokha.

Chidachi chinayamba kutchuka mu 1979, pomwe Dan Bricklin ndi Bob Frankston a ku America anatulutsa pulogalamu ya VisiCalc. Bricklin anali wophunzira za bizinesi ku Harvard, ndipo ankaona aphunzitsi akufufuta ndi kuwerengeranso nambala zambiri pa bolodi nambala imodzi ikalakwika. Vuto lake ndi lomwelo la kope la wamalonda. Microsoft Excel inatuluka mu 1985, Google Sheets mu 2006. Lero mapulogalamu awiriwa, komanso WPS Office, amaikidwa pa foni. Google Sheets imafuna akaunti ya Google, ndipo fayilo ikhoza kutcheredwa kuti izitseguka ngakhale bandulo itatha. Mayina a mafomula ndi a Chingerezi, ndipo amalembedwa chimodzimodzi m'mapulogalamu onse atatu.

Kalembedwe ka tsiku ndi tsiku

Pofuna kuona mmene zimayendera, nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina amapikula matimati pa Mbulumbuzi n'kutuma anthu anayi. Mlamu amapita ku Limbe, Mchimwene amagulitsa pa Njuli, Waganyu pa Namadzi, ndipo Msuweni ali pa Boma. M'tebulo lenileni mumalembedwa mayina enieni. Ndalama zonse zotchulidwa m'chitsanzochi ndi zongoyerekeza, si mitengo ya pamsika sabata ino.

Mzere woyamba wopingasa ndi wa mitu, ndipo mizere yotsika ndi isanu ndi inayi:

A: Tsiku
B: Wogulitsa
C: Msika
D: Katundu wotenga, pa mtengo wopikulira
E: Ndalama zogulitsa zomwe zalandiridwa
F: Katundu wabwino wobwerera, pa mtengo wopikulira
G: Zoonongedwa pa ulendo
H: Ngongole
I: Phindu

Lamulo lalikulu ndi lakuti wogulitsa mmodzi azikhala ndi mzere umodzi wokha pa tsiku. Anthu anayi akapita kumsika, madzulo mumalembedwa mizere inayi.

Mu D mumalembedwa ndalama zomwe mayiyo analipira pa katundu yemwe wogulitsa watenga, osati zomwe akuyembekeza kupeza. Mu F mumalowa matimati okhawo omwe angagulitsikenso mawa. Owola, ophwanyika ndi omwe anapita pa banyira salembedwa paliponse, chifukwa kusowa kwawo kumaonekera kale pa phindu. Mu G mumalowa ndalama ya minibasi kapena kabaza, msonkho wa mumsika womwe khonsolo imatolera, majumbo, ndi ndalama yodulidwa potapa pa foni. Ngati wogulitsa analipira zimenezi kuchokera pa ndalama zogulitsa, mu E mulembedwe ndalama zonse zisanachotsedwe, kuti zisachotsedwe kawiri.

Mu H mumalembedwa katundu yemwe wapita pa ngongole. Ndalama imeneyi siilowa mu E mpaka italipiridwa. Tsiku lomwe kasitomala walipira, ndalamayo imaonjezedwa mu E pa mzere wa tsikulo, ndipo mu H imalembedwa ndi chizindikiro chochotsera, monga -5000, kuti ngongole yotsala ichepe.

Mu I2 mumalowa fomula yoyamba:

=E2-D2+F2-G2

Tanthauzo lake ndi ndalama zolandiridwa, kuchotsa katundu wotenga, kubwezeramo katundu wobwerera, kuchotsa zoonongedwa. Fomulayi imalembedwa kamodzi, kenako imakopedwa kutsika mizere yonse. Phindu limeneli ndi la ogulitsa asanalandire malipiro awo.

Kuphatikiza za munthu aliyense

Mwezi ukamatha, tebulo limakhala ndi mizere pafupifupi 80 yosakanikirana. Pamenepa ndi pomwe kope limatopetsa, ndipo ndi pomwe fomula imagwira ntchito. Chakumanja kwa tebulo, kuyambira mu mzere wotsika K, mumapangidwa katebulo kena. Mu K2 mpaka K5 mumalembedwa mayina anayi aja, lililonse kamodzi.

Mu L2, ndalama zonse zomwe munthu wagulitsa:

=SUMIF(B:B,K2,E:E)

Fomulayi ikuuza foni kuti iyang'ane mu B monse, ipeze mizere yomwe ili ndi dzina la mu K2, ndipo iphatikize ndalama za mu E za mizere imeneyo basi.

Mu M2, phindu lonse:

=SUMIF(B:B,K2,I:I)

Mu N2, masiku omwe wagwira ntchito:

=COUNTIF(B:B,K2)

Mu O2, phindu la pa tsiku:

=M2/N2

Mu P2, ngongole yomwe idakali kunja:

=SUMIF(B:B,K2,H:H)

Mafomula asanuwa amakopedwa kutsika mpaka mzere wachisanu, ndipo katebulo kamadzaza kokha. M'chitsanzo chija kanatuluka motere:

Mlamu: wagulitsa K900,000, phindu K104,000, masiku 24, pa tsiku K4,333, ngongole K60,000.
Mchimwene: wagulitsa K540,000, phindu K130,000, masiku 20, pa tsiku K6,500, ngongole K10,000.
Waganyu: wagulitsa K345,000, phindu K90,000, masiku 12, pa tsiku K7,500, ngongole palibe.
Msuweni: wagulitsa K410,000, phindu K83,000, masiku 22, pa tsiku K3,773, ngongole K35,000.

Fomula yotchula dzina

Anthu anayi akhoza kuyerekezedwa ndi maso. Koma wokhala ndi ogulitsa mafirizi khumi, kapena gulu la amayi logulitsa mandasi m'misika ingapo, amafuna kuti foni itchule dzina yokha. Fomula yake ndi iyi:

=INDEX(K2:K5,MATCH(MAX(L2:L5),L2:L5,0))

Imaoneka yoopsa, koma muli mafunso atatu okha, ndipo amawerengedwa kuyambira mkati. MAX ikufunsa kuti nambala yaikulu kuposa zonse mu L2 mpaka L5 ndi iti. MATCH ikufunsa kuti nambala imeneyo ili pamalo achingati pamndandanda, ndipo 0 wa kumapetoyo akutanthauza kuti ipeze nambala yomweyo ndendende. INDEX ikupita pamndandanda wa mayina n'kutenga dzina la pamalo omwewo. Apa MAX ipeza 900000, MATCH inena kuti ili pamalo oyamba, INDEX itchula Mlamu.

Posintha L yense kukhala M, funso limasanduka la phindu:

=INDEX(K2:K5,MATCH(MAX(M2:M5),M2:M5,0))

Yankho ndi Mchimwene. Posintha kukhala O, funso ndi la phindu la pa tsiku, ndipo yankho ndi Waganyu. Tebulo ndi limodzi, mwezi ndi umodzi, koma opambana ndi atatu.

Wofuna kudziwa wotsalira alembe MIN pamalo pa MAX. Wofuna mndandanda wonse, woyamba mpaka womaliza, alembe =RANK(M2,M$2:M$5) m'kabokosi kopanda kanthu pa mzere wachiwiri n'kukopera kutsika. Chizindikiro cha $ chimagwira mndandanda kuti usasunthe pokopera.

Zomwe nambala zaulula

Mlamu ndi yemwe mayiyo amamutama madzulo aliwonse, chifukwa mpukutu wake ndi waukulu. Koma pofuna kugulitsa K900,000 anatenga katundu wa K720,000, anabweza wa K20,000 yekha, ndipo ulendo wa ku Limbe ndi zina zinadya K96,000. Mchimwene anatenga katundu wa K400,000, anabweza wa K30,000, anaononga K40,000, ndipo anasiya phindu loposa la Mlamu ndi K26,000.

Kwa wamalonda yemwe mpamba wake ndi wa ngongole ya ku banki m'khonde, funso lofunika kwambiri ndi lakuti K100 iliyonse yomwe waika m'manja mwa wogulitsa imabereka zingati. Fomula yake, mu Q2, ndi iyi:

=M2/(SUMIF(B:B,K2,D:D)-SUMIF(B:B,K2,F:F))*100

Pa K100 iliyonse ya katundu, Mlamu akubweretsa pafupifupi K15, Msuweni K27, Mchimwene K35, Waganyu K38. Ngati mpamba wachepa ndipo madengu ndi owerengeka, nambalazi zikusonyeza manja omwe dengu lotsiriza liyenera kupitako. Waganyu, yemwe si m'bale ndipo amaitanidwa pokhapokha katundu akachuluka, ndiye amasamala ndalama ya mayiyo kuposa onse.

Komabe nkhani ya Mlamu siinathe. Ali ndi K60,000 kunja. Itatoleredwa yonse, phindu lake lingafike K164,000, kuposa la Mchimwene lomwe lingafike K140,000 nayenso atatolera yake. Choncho Mlamu si wogulitsa woipa. Ndi wogulitsa yemwe amakongoza kwambiri, ndipo malo ake pamndandanda akudalira anthu omwe sanalipire. Chofunika si kumuchotsa ayi, koma kumupatsa malire a ngongole ndi tsiku loti akhale atatolera. Mwa anayi onse, ngongole ili kunja ndi K105,000, pomwe phindu lonse la mwezi ndi K407,000. Mayiyo akanakhala kuti amalemba ngongole ngati ndalama yolowa, bwenzi akudziona wolemera ndi ndalama yomwe sangapikulire ngakhale dengu limodzi.

Malo ndi nyengo

Msuweni ndi womaliza pa phindu lonse komanso pa phindu la pa tsiku. Apa ndi pofunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Misika si yofanana. Pa msewu wa Zomba pamaima magalimoto a anthu apaulendo omwe amagula mwachangu osanenerera kwambiri. Pamalo pomwe makasitomala ambiri ndi antchito olandira pamwezi, ngongole imavuta kukana. Msika wokhala ndi tsiku lake lalikulu umasiyananso ndi msika wa tsiku ndi tsiku. Munthu yemwe anapita masiku 12 okha, ngati onse anali masiku a msika, adzaoneka katswiri poyerekeza ndi mnzake yemwe anakhala pa benchi ngakhale masiku ozizira malonda.

Njira yosiyanitsa munthu ndi malo ndi kusinthanitsa. Kwa sabata ziwiri Msuweni apite pa Njuli, Mchimwene akhale pa Boma. Mzere wa C, womwe unkaoneka ngati wosafunika, umagwira ntchito tsopano:

=AVERAGEIFS(I:I,B:B,"Msuweni",C:C,"Njuli")

Fomulayi ikupereka phindu la pa tsiku la Msuweni pa masiku okhawo omwe anali pa Njuli. Posintha dzina, imapereka la Mchimwene pa msika womwewo. Ngati Msuweni pa Njuli akufika pafupi ndi K6,500, ndipo Mchimwene pa Boma watsika, ndiye kuti vuto linali malo. Ngati Msuweni akutsalirabe kulikonse komwe waikidwa, mwini katundu ali ndi chifukwa chokhalira naye pansi.

Nyengo nayo imanamiza. Matimati amakwera mtengo nthawi ya mvula pomwe matenda achuluka m'minda, ndipo amatsika madimba akakolola nthawi imodzi. Mtengo wa ndalama nawo umasintha. Mu November 2023 Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu ndi maulendo inakwera. Wogulitsa yemwe ndalama zake zolowa zakwera pakati pa chaka china ndi chinzake mwina sanagulitse mulu ndi umodzi womwe woonjezera. N'chifukwa chake anthu ayenera kuyerekezedwa m'mwezi umodzi womwewo, ndipo mwezi uliwonse ukhale ndi tsamba lake mu fayilo. Poyerekeza miyezi yosiyana, nambala ya phindu pa K100 ndi yodalirika kuposa ndalama zolowa.

Misampha yodziwika

Foni siilakwitsa masamu, koma imawerengera zomwe yapatsidwa popanda kudandaula. Zolakwika zambiri zimachokera pa kalembedwe.

Choyamba ndi mayina. Dzina likalembedwa mosiyana, lero ndi chilembo chimodzi mawa ndi ziwiri, SUMIF imaona ngati ndi anthu awiri, ndipo ndalama za masiku ena zimasowa. Ngakhale mpata wosaoneka wotsalira kumapeto kwa dzina umachita zomwezo. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zokha sizisokoneza. Mankhwala ake ndi kukopera dzina kuchokera pa mzere wapamwamba m'malo molilembanso, kapena kupempha wodziwa kompyuta kuti aike kamndandanda kosankhira mayina mu B pogwiritsa ntchito Data validation.

Chachiwiri ndi nambala zolembedwa ngati mawu. Munthu akalemba K5,000 kapena 5 sauzande, foni imaona mawu. SUMIF imalumpha kabokosiko mwakachetechete, ndipo fomula ya phindu imaonetsa #VALUE!. Mulembedwe 5000 basi. Nambala yeniyeni imakhala chakumanja kwa kabokosi, mawu amakhala chakumanzere, ndipo ichi ndi chizindikiro chosavuta kuona.

Chachitatu ndi kufanana mphamvu. Anthu awiri akapeza phindu lofanana ndendende, MATCH imatchula yemwe ali pamwamba pamndandanda n'kusiya winayo. Mu Google Sheets ndi mu Excel watsopano, fomula iyi imatchula onse:

=FILTER(K2:K5,M2:M5=MAX(M2:M5))

Chachinayi ndi masiku. COUNTIF imawerenga mizere, osati masiku. Wogulitsa akalembedwa kawiri tsiku limodzi, m'mawa ndi madzulo, masiku ake amachuluka ndipo phindu lake la pa tsiku limatsika popanda chifukwa. Munthu watsopano yemwe sanagwire tsiku ndi limodzi lomwe amaonetsa #DIV/0! mu O, ndipo chizindikirochi chimaononganso fomula yotchula dzina mpaka mzere wake woyamba utalembedwa.

Chachisanu ndi wogulitsa woonjezera. Munthu wachisanu akalembedwa mu K6, mafomula omwe amathera pa 5 samuona. Onse ayenera kusinthidwa kuti athere pa 6. Pa mafoni ena, malinga ndi dziko lomwe linasankhidwa potchera, fomula imakana koma ndipo imafuna chizindikiro cha ; pamalo pake.

Pali njira imodzi yogwirira zolakwika zambiri nthawi imodzi. M'kabokosi kopanda kanthu mulembedwe:

=SUM(E:E)-SUM(L2:L5)

Yankho liyenera kukhala 0. M'chitsanzo chija mbali zonse ziwiri ndi K2,195,000. Likatuluka lina, ndiye kuti pali mzere womwe dzina lake silikugwirizana ndi mndandanda, ndipo pasakhale munthu wotamidwa kapena kudzudzulidwa mzerewo usanapezeke.

Mphotho imaphunzitsa khalidwe

Nambala yomwe mwini geni wasankha kulipirira ndi yomwe ogulitsa adzaithamangira. Komishoni ikakhala pa ndalama zolowa, njira yachidule ndi kutsitsa mtengo, kukuza mulu ndi kuchulukitsa banyira, kuti dengu lithe msanga. Mpukutu umakula, phindu limachepa, ndipo wogulitsa sanabe kanthu. Wangochita zomwe malipiro ake amuuza.

Izi zimachitika ngakhale m'makampani akuluakulu. Mu 2016 banki ya Wells Fargo ya ku America inalipitsidwa chindapusa cha 185 miliyoni dollars zitadziwika kuti antchito ake ankatsegulira anthu maakaunti eni ake osadziwa, pofuna kukwanitsa chiwerengero chomwe akuluakulu awo ankafuna. Banki inkawerenga maakaunti otsegulidwa, ndipo antchito anaipatsa maakaunti.

M'chitsanzo cha matimati, kusiyana kwake kukuoneka bwino. Mayiyo atapereka K5 pa K100 iliyonse yolowa, Mlamu angalandire K45,000, Mchimwene K27,000, Msuweni K20,500, Waganyu K17,250. Mlamu angatenge pafupifupi theka la phindu lomwe wabweretsa, ndipo Waganyu, wosamala mpamba kuposa onse, angakhale womaliza. Atapereka K25 pa K100 iliyonse ya phindu, Mchimwene angalandire K32,500, Mlamu K26,000, Waganyu K22,500, Msuweni K20,750. Ndalama yonse yotuluka ndi K109,750 pa njira yoyamba ndi K101,750 pa yachiwiri. Kusiyana kwa ziwirizi si kwakukulu, koma njira yachiwiri imapatsa Mlamu chifukwa chokatolera ngongole zake, popeza K60,000 ija ikalowa amaonjezeredwa K15,000.

Kulipira pa phindu kuli ndi mtengo wake: mwini katundu ayenera kuulula mtengo womwe anapikulira. Wobisa mtengo wopikulira sangayembekeze kuti ogulitsa akhulupirire nambala ya mu I. Ndipo ngati iye mwini anapikula matimati okhwima kale omwe awola masana asanakwane, phindu lotsikalo ndi lake, si la wogulitsa.

Chilungamo pogwiritsa ntchito tebulo

Lamulo la mpikisano linenedwe mwezi usanayambe. Ogulitsa adziwiretu kuti mphotho ili pa phindu, kuti ngongole siiwerengedwa mpaka italipiridwa, komanso kuti malo azisinthidwa. Kusintha muyeso pakutha pa mwezi, nambala zitaoneka kale, ndi komwe kumabweretsa mawu oti pali kukondera.

Nambala za mu D, E, F, G ndi H zilembedwe wogulitsa ali pomwepo, m'mawa potenga katundu ndi madzulo pobweza. Kope lisatayidwe. Onse awiri asainire m'kope, kenako nambala zilowe mu foni. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imatha moto magetsi akazima, ndipo kope losainidwa ndilo umboni pakabuka mkangano. Fayilo ya Google Sheets imasungika pa akaunti foni ikalumikizidwa pa intaneti, choncho ikhoza kutsegulidwanso pa foni ina. Ikhozanso kugawidwa kwa ogulitsa kuti aziona okha popanda kusintha kanthu.

Phindu lotsika si umboni wa kuba. Likhoza kuchokera ku malo, ku katundu woipa, ku mvula, ku kusadziwa kunenerera, kapena ku kubadi. Tebulo limangoloza pomwe pafunika kufunsa. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati wolembedwa ntchito asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe mpata wodziteteza. Lamulo lomweli limaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 14, zomwe otuma ana kukagulitsa mafirizi ndi mazira nthawi ya sukulu ayenera kukumbukira.

Palinso zinthu zomwe sizilowa m'kabokosi. Wogulitsa wina ndi yemwe makasitomala amamufunafuna, wina ndi yemwe amadzuka mbandakucha kukathandiza kusankha madengu kwa alimi, wina ndi yemwe angasiyiridwe geni yonse mwini wake akapita kumaliro. Munthu wotere akhoza kukhala wachitatu pamndandanda mwezi uliwonse koma n'kukhala woyenera kusungidwa kuposa woyamba.

Wopanda foni yotere

Masamu onsewa amatheka ndi kope, rula ndi kalikuleta. Munthu aliyense apatsidwe tsamba lake lokhala ndi mizere yomweyo, ndipo pakutha pa sabata mzere uliwonse uphatikizidwe. Kuphatikiza tsamba la munthu mmodzi ndi ntchito ya SUMIF, kuwerenga masiku ake ndi ntchito ya COUNTIF, ndipo kuyang'ana wamkulu pa anayi ndi ntchito ya MAX. Foni imangofulumizitsa ndi kuchotsa zolakwika za kutopa. Omwe ali ndi foni koma mafomula akuwavuta akhoza kupempha mwana wa sekondale kapena wa pa malo otayipira makalata kuti awaikire kamodzi. Akaikidwa, chotsala ndi kulemba nambala madzulo aliwonse, ntchito ya mphindi zochepa.

Woyamba kumene asathamangire mphotho. Mwezi woyamba ukhale wongolemba, wachiwiri wosinthanitsa malo. Pofika mwezi wachitatu, mayi wa matimati uja akudziwa zoti Mlamu apatsidwe malire a ngongole ndipo ulendo wa ku Limbe uwerengeredwenso, Waganyu aonjezeredwe masiku kuti zioneke ngati K7,500 yake ingapirire masiku opanda msika, ndipo Msuweni aweruzidwe ndi nambala zake za pa Njuli, osati za pa Boma zokha.